Wofuna digiri ya Bayoloje asathawe Masamu ndi Kemisitiri

Zotsatira za mayeso a MSCE zitatuluka, mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni madzulo ali wosangalala kwambiri, chifukwa pa Bayoloje anapeza 1, pa Chingerezi 2, pamene pa Masamu anangopulumukira pa 6. Atamaliza kundiwerengera maphunziro onse anawonjezera mawu amene ndakhala ndikuwamva kwa achinyamata ambiri: "Amalume, ine ndikufuna ndikachite Bayoloje ku yunivesite, chifukwa kumeneko ndiye sindikaonananso ndi Masamu." Ndinaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene akuona mnzake akulunjika pa dzenje limene iye anagweramo kale, popeza maganizo omwewo ndi amene ndinali nawo ine pamene ndinkanyamula chikwama changa kupita kukayamba digiri ya sayansi. Zimene ndinamufotokozera usiku umenewo, ndi zina zimene sindinathe kunena pa foni chifukwa mayunitsi anali pafupi kutha, ndi zimene ndikulemba pano.

Polowera penipeni nkhaniyi imayamba kale kuonekera. Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, pamene 9 ndi kulephera. Kuti munthu aganiziridwe m'mayunivesite a boma, pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kusankhako kumadutsa ku bungwe la NCHE. Koma amene akufuna digiri ya sayansi samuyang'ana pa chiwerengero cha makirediti chokha ayi, amamuyang'ananso kuti makireditiwo ali pa maphunziro ati, ndipo Masamu, Bayoloje, Fizikisi ndi Kemisitiri ndi amene amakhala patsogolo. M'masiku athu Fizikisi ndi Kemisitiri zinali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science, tsopano anazigawa. Zofunika zenizeni zimasiyana pa pulogalamu ndi pulogalamu, choncho wofunsira malo aziwerenga yekha chikalata cha chaka chimenecho, osadalira zimene anamva kwa msuweni wake amene analowa zaka zisanu zapitazo. Azikumbukiranso kuti malo ndi ochepa, ndipo kukwanitsa zimene zalembedwa pa chikalata sikutanthauza kuti dzina lituluka.

Malo ophunzirirako zamoyo alipo angapo tsopano, kusiyana ndi kale pamene University of Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inali yokha. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo kuyambira pamene makoleji anapatukana mu 2021 ndi imene inatsala ndi dzina la University of Malawi, pamene sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinapanga KUHeS, ndipo Polytechnic inakhala MUBAS. Palinso LUANAR imene inaphuka pa Bunda, Mzuzu University, ndi MUST ku Thyolo imene inatsegula zitseko mu 2014. Kulikonseko Bayoloje ili ndi nkhope yake: kwina imapendekera ku ulimi, nsomba ndi nkhalango, kwina ku zaumoyo, kwina ku uphunzitsi, kwina imaphunzitsidwa payokha monga sayansi. Chimodzi chokha ndichinene msanga chifukwa makolo ambiri amasokoneza: digiri ya Bayoloje siisandutsa munthu dokotala wa m'chipatala, njira ya udokotala ndi ina ndipo ili ndi khomo lakelake.

Digiri yoyamba ya sayansi nthawi zambiri imatenga zaka 4, chaka chilichonse chili ndi masemesita awiri. Chimene chinandidabwitsa nditalandira ndondomeko ya maphunziro a chaka choyamba n'chakuti Bayoloje imene ndinadzera inali gawo limodzi chabe pakati pa zinzake. Panali Kemisitiri, panali Masamu, panali Fizikisi, panalinso phunziro la kalembedwe ndi kalankhulidwe limene tonse tinkalipeputsa mpaka tsiku limene tinauzidwa kulemba lipoti loyamba la mu labotale. Pa nthawiyo ndinkaona ngati akuluakulu a sukulu angofuna kutizunza, kapena akufuna njira yochepetsera chiwerengero chathu, pakuti mawu oti "kuwidedwa", kutanthauza kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, ankamveka m'makonde kuyambira sabata yoyamba. Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndione kuti maphunziro amenewa sanaikidwe ngati mpanda wotchinga Bayoloje, koma ndi mafuwa amene mphika wa Bayolojeyo umakhalapo.

Ngakhale Bayoloje yeniyeniyo sinali imene ndinaisiya ku sekondale. Kusukulu kwathu maikulosikopu tinkangoiona pa chithunzi cha m'buku, ndipo tinaloweza mayina a ziwalo zake popanda kuigwira n'komwe. Pa pulakitiko yoyamba anatipatsa anyezi, kalezala, dontho la ayodini ndi tigalasi tiwiri, n'kutiuza kuti tisende kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa anyeziyo, tikayale pagalasi, tikavundikire, kenako tijambule zimene tikuona. Ine ndinaona timizeremizere tozungulira bwino, takuda m'mphepete ndi towala pakati, ndipo ndinatijambula mosamala ndi pensulo yosongoka, n'kulemba dzina la gawo lililonse. Wotithandiza mu labotale anasuzumira pa maikulosikopu yanga, anayang'ana pa pepala langa, kenako ananena mofatsa kuti, "Achimwene, mwajambula bwino kwambiri, koma zimenezi ndi thovu la mpweya. Maselo ali pambalipa, ooneka ngati njerwa za khoma." Ndinali nditagwetsa kagalasi kovundikira mwachangu m'malo mokatsitsa pang'onopang'ono mopendeketsa. Tsiku lomwelo ndinaphunzira kuti pansi pa chojambula chilichonse pamayenera kulembedwa kuti chakuzidwa kangati, ndipo kuti galasi la kudiso la 10 likaphatikizana ndi la pansi la 40 chinthu chimakuzidwa ka 400. Masamu anali atandipeza kale pa tsiku loyamba, ngakhale anali ochulukitsa chabe.

Kemisitiri ndi imene inandigwetsa. Palibe wina amene ndingamuloze chala, chifukwa ndinkaiwerenga usiku womaliza wokha, nthawi yonse ndikuithera pa Bayoloje imene ndinkaikonda. Nkhani ya ma mole, yoti mu mole imodzi muli tizidutswa 6.022 × 10²³, ndinkangoiloweza ngati ndakatulo osamvetsa ntchito yake, ndipo zotsatira zitatuluka ndinapezeka pa mndandanda wa olemba mayeso achibwereza, amene ophunzira amangowatchula kuti sapu. Anzanga ali kwawo pa tchuthi, ine ndinali ndi mabuku a Kemisitiri, ndipo kunyumba ndinachita kufotokoza kawirikawiri kuti sindinachotsedwe sukulu. Chimene chinandiopsa kwambiri si manyaziwo, koma lamulo limene ambiri saliwerenga polowa: maphunziro a ku yunivesite amamangidwa ngati unyolo, ndipo pali ena amene sungaloledwe kuwayamba usanakhoze a m'mbuyo mwake. Wolephera Kemisitiri ya chaka choyamba sakhudza Biochemistry, imene ndi Kemisitiri ya m'kati mwa zamoyo, ndipo wopanda Biochemistry amapeza makomo ena a zaka za kutsogolo ali otseka. Phunziro limodzi lokha likhoza kukubweza chaka chathunthu, ndi fizi yake ndi lendi yake.

M'chaka chachiwiri ndi mmene ndinaona chifukwa chake unyolowo unamangidwa choncho. Tinauzidwa kukonza lita imodzi ya madzi a mchere a mphamvu ya 0.1 M, kutanthauza mole 0.1 ya mchere pa lita imodzi, ndipo palibe amene anatiuza kuchuluka kwa mchere woti tiyeze. Munthu umayenera kudziwa kuti mole imodzi ya mchere wa patebulo imalemera magalamu 58.44, n'kuwerengera wekha kuti pakufunika magalamu 5.84. Ukalakwitsa pa kadontho kamodzi, zonse zimene uchite masana amenewo zapita m'madzi. Tinaonanso ndi maso athu kuti maselo ofiira a m'magazi akaikidwa m'madzi opanda mchere amatupa mpaka kuphulika, akaikidwa m'madzi a mchere wambiri amafota, pamene m'madzi okhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita amakhala bwinobwino, n'chifukwa chake diripi ya madzi a mchere ya m'chipatala imakonzedwa pa muyeso umenewo. Kapumidwe ka selo, mmene shuga amaphwanyikira kuti thupi lipeze mphamvu, mmene tsamba limapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, mmene DNA imadzikopera yokha, zonsezi ndi Kemisitiri imene ikuchitika m'kati mwa chamoyo. Amene anaithawa amangotsala ndi mayina aataliatali oti aloweze, ndipo kuloweza kumene kunatipulumutsa pa MSCE kumafika pothera m'chaka chimenechi.

Phunziro la za chibadwa, limene pa ndondomeko limalembedwa kuti Genetics, ndi limene linandiyanjanitsa ndi Masamu. Ndinene mongodutsa kuti mawu oti "majini", amene m'phunziroli amatanthauza "genes", tinthu tonyamula chibadwa, amandivutabe kuwagwiritsa ntchito kumudzi, chifukwa nditauza agogo anga kuti ndikuphunzira za majini anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mayi anga akudziwa zimenezi. Gregor Mendel, amene anafalitsa zotsatira za ntchito yake pa nsawawa mu 1866, sanapambane anzake chifukwa choona zimene ena sanaone, koma chifukwa chakuti anawerenga mbewu zake imodziimodzi n'kupeza kuti pa m'badwo wachiwiri maonekedwe amagawika pa 3 kwa 1. Ife tinapatsidwa zisononkho za chimanga chokhala ndi maso a mitundu iwiri kuti tiwerenge. Tiyerekeze kuti pa maso 400 ukuyembekezera 300 a mtundu wina ndi 100 a mtundu wina, koma iwe wapeza 288 ndi 112. Kodi Mendel analakwitsa, kapena kusiyanako n'kwa mwayi chabe? Maso sangayankhe funso limeneli, ndipo mtsutso wa pakamwa sungalithetse. Pali njira ya masamu yotchedwa chi-square, imene pa chitsanzo ichi imapereka 1.92, chiwerengero chimene chili pansi pa malire a 3.84, kutanthauza kuti kusiyana kotereku kukhoza kuchitika mwangozi ndipo palibe chifukwa chokanira lamulolo. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndi limenenso ndinamvetsa chifukwa chake alangizi a zaulimi amaletsa kubzala mbewu yobwereza ya chimanga cha haibulidi: m'badwo wachiwiri umagawikana, munda umatuluka wosiyanasiyana msinkhu ndi zokolola, ndipo mphamvu imene mlimi anagula m'sitolo imachepa. Bambo anga ankadziwa zimenezi chifukwa anazionera m'munda, ine ndinazidziwa pa pepala, koma tinkanena chinthu chimodzi.

Pali phunziro lina lokakamiza limene ophunzira ena amalowamo mtima uli m'mwamba chifukwa cha zimene anakula nazo kutchalitchi, la kusintha kwa zamoyo m'mibadwo. Sindikufuna kulowa mu mtsutso wa chikhulupiriro pano, koma ndinene kuti wophunzira Bayoloje m'Malawi sangalizembe, chifukwa chitsanzo chake chomveka kwambiri chinachitikira kwathu konkuno. Mankhwala a chloroquine anasiya kuchiza malungo chifukwa tizilombo ta Plasmodium falciparum timene tinkatha kuwapirira ndi timene tinkatsala n'kuchulukana, ndipo mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP, imene ambiri ankaidziwa ndi dzina loti Fansidar. Patapita zaka, kafukufuku wa ku Blantyre anaonetsa kuti tizilombo tomva chloroquine tabwereranso, popeza kupirira kuja kunalibenso phindu kwa kachilombo pamene mankhwalawo anachoka. SP nayo inafooka, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Nkhani yomweyi ikuchitika ndi udzudzu umene ukupirira mankhwala a m'masikito. Kuti munthu afotokoze mmene chibadwa chimodzi chimachulukira kapena kuchepera m'gulu la zamoyo, amagwiritsa ntchito masamu a Hardy ndi Weinberg a mu 1908, amene ndi aljebura ya ku sekondale yomwe ija mwana wa mlongo wanga ankati watsanzikana nayo.

Za mayina a Chilatini sindichedwapo, ngakhale ndi zimene ophunzira amadandaula nazo kwambiri. Zimatopetsa, n'zoona, koma zili ndi ntchito. Dzina loti chambo limaphimba mitundu ingapo ya nsomba za m'gulu la Oreochromis, ndipo m'nyanja ya Malawi, imene ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, wofufuza amene sangasiyanitse mitundu sangauze aliyense kuti ndi uti umene ukutha. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje ndi Widdringtonia whytei, masuku ndi Uapaca kirkiana, ndipo dzina lotere limamveka chimodzimodzi ku Zomba, kumene kuli National Herbarium and Botanic Gardens, ndi ku London. Tinkathyola tinthambi tokhala ndi maluwa, kutipanikiza pakati pa nyuzipepala zakale, n'kulemba malo ndi tsiku. Pa maulendo a kutchire tinkaponya chimango cha mita imodzi mbali zonse n'kuwerenga zomera zimene zagwera m'kati, ndipo funso loti tiponye kangati komanso kuti, kuti zotsatira ziimire dambo lonse, linali la Statistics, masamu osanthula ziwerengero, phunziro lina limene wa Bayoloje sapatsidwa mwayi wolikana.

Ufulu wosankha umabwera mochedwa, kawirikawiri m'chaka chachitatu ndi chachinayi, ndipo apa ndi pamene ndimaona achinyamata akulakwitsa mwa njira ina. Pamakhala maphunziro okakamiza amene aliyense ayenera kukhoza, ndi ena osankha monga za tizilombo tosaoneka ndi maso, za tizirombo ta m'mbewu, za majeremusi okhala m'thupi la munthu monga a likodzo, za nsomba, kapena za kagwiridwe ntchito ka thupi la zomera. Ambiri amasankha pofunsa kuti ndi lekichala uti amene amapereka malikesi mosavuta, ndipo amatuluka ndi satifiketi yooneka bwino koma yosaloza kulikonse. Ine ndimalangiza kuti munthu ayambe wadzifunsa kumene akufuna kukagwira ntchito, kaya ndi mu labotale ya zaumoyo, ku nsomba, ku nkhalango ndi nyama zakutchire, ku kafukufuku wa mbewu kapena m'kalasi, kenako abwerere m'mbuyo n'kuona unyolo wa maphunziro umene umafikitsa kumeneko. Amene akufuna kukaphunzitsa ku sekondale adziwe kuti pali digiri ya uphunzitsi wa sayansi, imene imaphatikiza Bayoloje ndi maphunziro a kaphunzitsidwe komanso nthawi yokayeserera kusukulu, ndipo ndi bwino kuisankha poyamba pomwe kusiyana ndi kudzaifuna pambuyo.

Chaka chomaliza chimakhala ndi pulojekiti ya kafukufuku, ndipo ndi pamene zonse zimene unazemba zimakudikira pakhomo. Yanga inali ya anankafumbwe. Ndinkafuna kuona ngati ufa wa masamba a nimu umateteza chimanga chosungidwa, choncho ndinatola mabotolo, ndinayeza chimanga chofanana m'botolo lililonse, ndinathira nimu, ndinaikamo anankafumbwe 20, n'kuvundikira ndi kansalu kuti mpweya uzilowa. Patapita masabata angapo ndinapita kwa ondiyang'anira ndili wonyadira, ndi kope lodzaza ndi chiwerengero cha anankafumbwe akufa. Iwo anatsegula kopelo, anatembenuza masamba awiri, n'kufunsa kuti, "Nanga botolo limene simunathiremo kanthu lili kuti? Mwadziwa bwanji kuti sakanafa okha?" Ndinalibe yankho, ndipo ndinayambiranso, ulendo uno ndi mabotolo opanda nimu oyerekezera, mtundu uliwonse mabotolo angapo, ndi sikelo imene ndinaphunzira kuikhulupirira kuposa maso anga. Lipoti lake linafuna Kemisitiri pofotokoza zimene zili m'masambawo, Statistics poyesa ngati kusiyana kwa mabotolo kunali kwenikweni, ndi phunziro la kalembedwe lija tinkaliseka m'chaka choyamba.

Mwana wa mlongo wanga anandimvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa kuti, "Ndiye amalume, mukuti ndisiye?" Ndinamuuza kuti ayi, 1 wa pa Bayoloje uja sanabwere mwangozi, ndipo 6 wa pa Masamu akadali kirediti. Ndinamuuza kuti miyezi imene akhale akudikira mayina asaithere pa foni yokha, koma abwerere ku mabuku a Masamu a MSCE, makamaka aljebura, ma logarithm ndi ma graph, ndiponso ku mutu wa ma mole mu Kemisitiri. Ndinamutumizira kakyuleta yanga yakale kudzera mwa kondakitala wa minibasi, pamodzi ndi funso limodzi pa kapepala: magalamu angati a mchere amene akufunika pokonza lita imodzi ya 0.1 M. Patatha masiku awiri ananditumizira chithunzi cha kope lake pa WhatsApp. Njira yonse anailondola bwino, koma yankho analemba 58.4, ndipo ndinamubwezera uthenga woti ayang'anenso pamene waika kadontho.